Wothawa Apongozi pa Msewu wa ku Kalgoorlie

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha adani anga asanandiulule. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti magulu oimba nyimbo za kantire amayenda ndi telala wawo, ndipo amamukhazika pa siteji pomwepo. Umboni ndinali nawo. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito pa kalabu ya azungu a m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo kupatula kutsuka matambula, ndinkatembenuzanso mbale za galamafoni. Pa chikuto cha mbale ina panali chithunzi: woimba kutsogolo atavala malaya onyezimira, kumbuyo kwake bambo wina atakhala pampando, mutu atawerama, manja pa katebulo, mapazi pa mapedulo. Ine wa Sitandade 5 ndinati basi, uyu ndiye amasoka malaya onyezimirawo, ndipo ntchito yamuchulukira. Ndinauzako anthu. Ena anandikhulupirira, ndipo awiri mwa iwo anamwalira akukhulupirirabe.

Patapita nthawi m'pamene ndinadziwa kuti telalayo ndiye ankatulutsa kulira kuja kumene kunkandiimitsa ndi tambula m'manja. Eni ake amati pedal steel. Inu amene munaonapo hauyani, gitala ija akuluakulu athu ankaigoneka pamiyendo n'kumakhwekhwereza botolo pa mawaya, ndi yomweyo, kungoti iyi inapita kusukulu. Ili ndi miyendo inayi, mawaya ambirimbiri, mapedulo oponda, ndi timikono tokankha ndi mawondo.

Ku Perth tinabwera ine ndi mayi a kunyumba, Nachisale, kudzacheza miyezi itatu kwa mwana wathu Chikondi, amene ndi namwino pa chipatala china m'tauni. Matenda aja a dziko lonse lapansi atafika, zipata za m'malire zinatsekedwa ife tili m'kati, ngati mbuzi zotsekeredwa m'munda wa eni ake. Miyezi itatu inabala ina, inayo inabalanso. Tinangokhala ku Rockingham, ine n'kumathirira udzu wa mkamwini mpaka unayamba kundithawa.

M'nyumbamo munalinso Tadala, mdzukulu wathu, mtsikana wamkulu ndithu amene anakulira konkuno. Chichewa amamva chonse, ngakhale miseche, koma amayankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Ankagwira ntchito pa kafe, ndipo Loweruka ankaimba gitala ndi anzake ku Fremantle. Kafe inatsekedwa, gululo linamwazika, mwana analowa m'chipinda n'kutseka. Anthu atayambiranso kuyenda, iye sanatuluke. Mayi ake ankachokera kuntchito maso ali gwa, n'kuima pachitseko ndi mbale ya chakudya, kenaka n'kukalirira m'bafa poganiza kuti madzi akutitseka makutu.

Tsiku lina ndikudutsa ndinamva telala wanga uja akulira kuseri kwa chitsekocho. Ndinagogoda, ndinati ndimamudziwa ameneyo. Chitseko chinatseguka pang'ono. Anandionetsa pa foni: mkulu wina wa ku Kalgoorlie, dzina lake Len, ankagulitsa makina ake chifukwa nyamakazi inamupinda zala. M'chigawo chonse chino panalibenso ena ogulitsidwa, ndipo ku zigawo zina za dzikoli kunali kosapitika. Koma mkuluyo anali ndi makani ake. Anakana kutumiza. Anati wofuna abwere yekha adzamuuze amene amawamvera, chifukwa sangapereke makina a moyo wake wonse kwa munthu wofuna kukongoletsera pabalaza. Anamupatsa Tadala Loweruka masana. Lamulungu kunkabwera wina wa ku Perth konkuno, wotolera magitala akale.

Vuto linali lakuti Tadala anali atamva kulirako kwa masabata awiri okha. Sankadziwa woimba makinawo ndi mmodzi yemwe. Ndinamuuza kuti makutu abwereke anga.

Mkamwini amagwira ntchito ya mashifiti ku mafakitale a ku Kwinana, Chikondi anali pa ntchito, ndiye onse anakana zoti mwana ayendetse yekha mtunda wonsewo. Ndinadzipereka kukhala mlonda. Mkamwini anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi, n'kuimbira foni Chanda, m'bale wa ku Zambia wa ku tchalitchi kwathu amene ankabwerera kuntchito ku migodi ya ku Kalgoorlie komweko. Ndinazindikira kuti mlonda weniweni ndi Chanda, ine ndine katundu, koma sindinatsutse. Nachisale anatikulungira nkhuku yokazinga ndi mandasi, n'kundinong'oneza kuti ndikalankhule pang'ono. Amandiuza zimenezi pa ulendo uliwonse, ngakhale wa kumaliro.

Tinanyamuka kusanache, kukuzizira koluma makutu. Chanda tinamutenga pa siteshoni ya sitima, munthu wamkulu thupi, chikwama chimodzi.

«Ba mdala, muli bwanji? Manje ni imwe ba DJ wa lelo?»

Ndinati ndine mphunzitsi, DJ ndi iyeyo. Ndipo zinakhaladi choncho, chifukwa tisanamalize kukwera mapiri a ku Mundaring, sukulu yanga inali itagwa kale. Tadala anandifunsa maina a oimba makinawo kuti Chanda awasake pa foni. Maina ndinalibe. Pa kalabu paja palibe ankatchula munthu wa kumbuyo. Ndinkangowasiyanitsa ndi makutu, n'kuwapatsa maina anga. Tadala anati chabwino, nanga woimba wa kutsogoloyo? Ndinati mzungu wa chipewa, atatsamira mpanda. Chanda anaseka mpaka galimoto inagwedezeka, ati onse ndi azungu a zipewa, onse anatsamira mipanda. Tadala sanaseke. Ndinaona zala zake zikufinya chiwongolero.

Chimene chinatipulumutsa ndi bambo ake a Chanda, malemu, amene ankayendetsa malole ku Kitwe ndi makaseti a kantire okhaokha. Ndikang'ung'uza nyimbo, Chanda ankatseka maso, n'kupitiriza yekha, kenaka n'kutchula woimba. Akaipeza pa foni, ine n'kumuuza Tadala kuti woimbayo amusiye, amvere wa kumbuyo.

Woyamba ndinamupatsa Namfedwa. Aliyense wofuna kuyamba kumvera makina amenewa ayambire kwa ameneyu, ndipo pa izi sindimva za munthu. Namfedwa salimbana ndi woimba. Amadikira mawu athe, woimba akamakoka mpweya, iye n'kulowa pa kampata komweko ndi liwu limodzi lokha, n'kulikweza pang'onopang'ono ngati mayi wofika mochedwa pa siwa amene amayambira kulira patali. Ndinamuuza Tadala awerenge mawu amene Namfedwa waimba m'ndime yonse. Anapeza kuti ndi ochepa kwambiri. Ndinati ndiye ukatswiriwo, ambiri amalephera chifukwa ali ndi zala khumi ndipo amafuna zonse zidye.

Ku Northam tinaima kuthira petulo ndi kumwa tiyi. Masiku amenewo polowa paliponse unkayenera kuloza foni pa kachizindikiro ka pakhomo, ndipo ife opanda mafoni anzeru tinkalemba papepala. Ndinalemba dzina langa lonse, la ubatizo, la makolo ndi la mfunda, mpaka linasefukira mzere wa munthu wina. Mayi wogulitsa anandifunsa ngati tili anthu atatu. Ndinati ayi, ndi munthu mmodzi koma wofunika. Tadala anandikoka jekete.

Kuyambira pamenepo msewu ndi umodzi, ndipo pambali pake pamayenda chipaipi cha madzi chimene sichikusiya mpaka kumapeto. Minda ya tirigu, chipaipi, nkhokwe zazitali zoyera, chipaipi. Malole ake ndi ngolo zitatu zitatu, akakudutsa galimoto imachita kugwada. Pakati pa Cunderdin ndi Kellerberrin ndinamupatsa Mlamu. Ameneyu ndi wa nyimbo zovina, ndipo ntchito yake ndi kunyogodola woimba. Woimba akati mkazi wandithawa, Mlamu kumbuyo amati psete, unkayembekezera chiyani. Woimba akalumbira kuti wasiya mowa, Mlamu amachita kamluzu kotsetsereka kamene aliyense m'bala amakamva. Apa m'pamene ndinaona Tadala akumwetulira, koyamba m'miyezi yambiri, ngakhale anamwetulira msewu osati ine.

Wachitatu ndi Mkulu wa Mpingo. Za iye zilibe zambiri. Sumumva. Amangoyala mawu pansi pa nyimbo ngati mphasa, ndipo umadziwa kuti analipo pokhapokha akasiya. Chanda anagona pa nyimbo yachiwiri, umene ndi umboni wokwanira.

Wachinayi sindinkafuna n'komwe kumutchula, koma Chanda atadzuka ku Merredin anaika yekha nyimbo imene bambo ake ankaikonda. Ndinamuzindikira pompo. Wothawa Apongozi. Mwaonapo mkamwini wa kwathu akaona apongozi akubwera m'kanjira, m'mene amalowera m'tchire osayang'ana minga? Ndi m'mene amaimbira munthu ameneyu. Mawu zikwizikwi, kuthamanga, kudumpha, kugwa, kudzuka. Ndinamuuza Tadala kuti uyu amumvere kamodzi kuti adziwe chimene sayenera kuchita. Iye anati tiibwereze. Ndinati n'kuwononga batire. Anaibwereza yekha, ndipo kachitatu.

Mwina Mulungu nayenso sankamukonda Wothawa Apongozi, chifukwa ili m'kati kachitatuko tayala la kumbuyo linaphulika. Tadala anaigwira bwino galimoto, ndimuyamikire, n'kuiimika pafupi ndi chipaipi. Tinatsitsa katundu. Jeke analipo, koma chogwirira chake panalibe, ndipo ndinakumbukira kuti ndinachiona ku Rockingham chitachirikiza mtengo wa mandimu. Amene anachirikiza mtengowo sindimutchula, ndi munthu wachikulire wolemekezeka. Chanda anapukusa jekeyo ndi sikuludiraiva, thukuta kamukamu, ntchentche za kumeneko zitamuunjirira kumaso. Sipeya wake anali katayala kaja kowonda ngati ka wilibala, kosathamangitsa. Tinakwawa nako mpaka ku Southern Cross, Chanda ali pa chiwongolero, malole akutiimbira mahutala.

Ku Southern Cross malo okonzera matayala tinapeza otseka. Pachitseko panali kapepala, koma nkhani yonse tinaimva kwa mtsikana wa pa filingi siteshoni: mwini wake wapita ku mpira, ndi iye woimba wezulo, abwera ukatha. Tinafunsa ngati pali wina. Anati alipo, mchimwene wake, koma ndi goloboyi.

Tinakhala pa benchi. Mphepo ya kumeneko imachita kusankha fupa. Tinadya nkhuku ya Nachisale yozizira, galu wina wa maso awiri osiyana akutiwerengera mafupa. Chanda anayenda kukafika kumapeto kwa tauni n'kubwerera, ati watha kuiona yonse. Kutali tinkamva wezulo, ndipo ikalira tinkadzuka poganiza kuti mpira watha, koma inali faulo chabe. Munthu uja ankaikonda wezulo yake. Tadala anayesa kuimbira a Len kuti tichedwa, foni inangolira osayankhidwa. Anayesanso. Dzuwa linapendeka, masana amene tinapatsidwa aja anatha tili pa benchi.

Kenaka Tadala anati tibwerere. Ananena m'Chingerezi, motsitsa, akuyang'ana nsapato zake. Anati ngakhale tikafike, akanena chiyani? Kuti amamvera Namfedwa ndi Mlamu? Mkuluyo akamuseka. Anati anapusa kutuluka m'nyumba, zinthu zake zonse zimathera panjira chonchi. Chanda anapita kukaona galu.

Ine nzeru za uphungu ndilibe. Ndinangoganiza za chitseko chija cha ku Rockingham, kuti tikabwerera manja lende chikatsekedwanso, ndipo ulendo uno mwina ndi kiyi. Ndiye ndinakweza masiki kumaso, chifukwa ndinali nditazindikira kuti amathandiza kulira kwa m'mphuno, n'kuyamba kuimba Namfedwa ndi pakamwa. Ndinamuuza Tadala kuti iye akhale woimba wa kutsogolo. Anakana. Ndinapitiriza ndekha, mokweza, mpaka bambo wina wothira dizilo anatembenuka. Tadala anati agogo mukundichititsa manyazi. Ndinati ndisiya akayamba kuimba. Anaimba, kuti anditseke pakamwa. Ine n'kumalowa m'mipata. Kenaka tinasinthana, ine woimba, iye makina, ndipo ndinaona kuti mwanayu amadikira. Sankandipondereza. Ankalola ndimalize bodza langa lonse, iye n'kuyankha. Zimenezo siziphunzitsidwa, ndipo sindinamuuze, kuopa kumuwononga.

Woimba wezulo anabwera atavalabe kabudula, wokwiya chifukwa anthu anamutukwana ku bwalo. Anamata tayala. Tadala anatenga makiyi kwa Chanda, n'kulozetsa galimoto kum'mawa.

Za Coolgardie sindinganene kanthu, tinangodutsa. Chanda tinamutsitsa pa geti la nyumba za kampani yake. Anagwira Tadala paphewa.

«Mwaiche, usayope. Ba mdala ba nkale bamakonda chabe munthu wamene amvela. Na imwe ba DJ, mukambe pang'ono.»

Anthu onse amandiuza zofanana.

Nyumba ya a Len inali ya malata, kumapeto kwa msewu wa fumbi lofiira. Tinawapeza pakhonde, bulangete pamiyendo, makina ali pambali pawo. Foni sanaimve, makutu anatha ndi migodi. Anali atatiikira mipando iwiri pabwalo, kutali ndithu, chifukwa chifuwa chawo sichinali bwino ndipo ankaopa matenda a ku tauni. Choncho nkhani yonse inali yokuwa, ngati anthu olankhulana kutsidya kwa mtsinje.

Sanafunse za kuchedwa. Anangoloza Tadala n'kufunsa amene amawamvera. Mwana anayamba kufufuza poyambira. Ndinadikira, ndithu ndinadikira, mwina mpweya uwiri. Kenaka ndinaimirira ndi Chingerezi changa cha pa kalabu.

Poyamba zinayenda bwino. Ndinafotokoza za Namfedwa n'kung'ung'uza, a Len anagwedeza mutu n'kutchula dzina lake lenileni, limene ndaliiwala kale. Pa Mlamu anaseka mpaka kutsokomola. Pa Mkulu wa Mpingo anaika dzanja pamtima. Apa ndikanakhala pansi. Koma munthu ukaona anthu akukuombera m'manja umawonjezera ndime. Ndinati palinso wina amene ndamuletsa mwanayu, wachabechabe, wodzionetsera, wothamanga ngati wakuba nkhuku. Ndinamung'ung'uza bwino lomwe kuti asamusokoneze ndi wina.

A Len anasiya kuseka. Anayang'ana zala zawo zopindikazo. Kenaka ananena, osakuwanso, kuti moyo wawo wonse anauthera kuyesa kuimba ngati munthu ameneyo, ndipo makinawa anawagula chifukwa ndi mtundu umene iye ankaimba. Anatenga nsalu n'kuyamba kuwafunditsa. Anati tayenda mtunda wautali, atiphikira tiyi tisanapite.

Ndakhalapo pa milandu, ndagwidwapo ndi apongozi anga enieni ndikuvina pa bala, koma sindinafunepo kulowa pansi ngati tsiku limenelo.

Tadala anaimirira. Sanayang'ane a Len, anayang'ana ine, ndipo analankhula m'Chichewa, chake chopindikacho.

«Agogo, mukunama.»

Kwathu mwana sanena mawu amenewo kwa munthu wa imvi, pamaso pa alendo n'kosayamba n'komwe. Amati mwina agogo mwaiwala pang'ono. Koma iye mawu ofewawo sawadziwa, anatola amene anali pafupi.

«Sakuthawa apongozi. Akuthamangira kunyumba. Mverani pomaliza, amafika pakhomo, amaima, amagogoda.»

Kenaka anatembenukira kwa a Len n'kuwakuwira zomwezo m'Chingerezi, ndi zina zambiri zimene sindinazitole zonse. Anati anamumvera katatu panjira, ndipo kuthamanga konse kuja kumathera pa liwu limodzi lofatsa, lochedwa pang'ono, ngati munthu wapuma kaye asanalowe. Anati agogo ake amamvera chiyambi n'kukwiya, samafika kumapeto. Anaimba ndi pakamwa kagawo komalizako, n'kuchedwetsa liwu lija monga ananenera.

Dzanja la a Len linaima pa nsalu. Anamuuza abwerezenso. Anabwereza. Anafunsa kuti ndani anamuuza zimenezo. Anati palibe. A Len anandiyang'ana ine, n'kunena kuti zikuoneka.

Anachotsa nsalu, n'kukokera mpando wawo kumapeto kwa khonde kuti mwana akhale pa makina. Anamuponyera kachitsulo kosalala kokhwekhwerezera pa mawaya. Tadala anakhala, mutu anawerama, mapazi akufufuza mapedulo. Liwu loyamba limene anatulutsa, abale anga, linali ngati mbuzi yapanikizidwa pa chitseko. Agalu a m'dera lonselo anayankha. A Len anati iwo anayamba moipa kuposa pamenepo, n'kumukuwira kuti asakanikize, chitsulocho chili ndi kulemera kwake. Anayesanso. Mbuzi inachira pang'ono. Anakhala choncho mpaka mdima, mkulu akuloza ndi chala chopindika kuchokera patali, mwana akumvera, ine ndili pabwalo ndi tiyi, wosafunsidwa kanthu ndi aliyense. Sindinakhalepo wonyada chonchija ndili chete.

Za mtengo anakambirana okha. Ndinangoona a Len akumuonetsa kamasulidwe ka miyendo ndi ndodo za mapedulo, chimodzichimodzi, n'kumuuza kuti aziwaimbira foni Lamulungu lililonse, azikuwa. Ine anandigwira chanza ndi chigongono, n'kundiuza kuti pa atatu oyamba aja sindinaphonye. Ndinati pa wachinayinso tidzakambirana. Tadala anandikoka jekete.

Tinagona pa motelo, m'mawa n'kubwerera. Chipaipi chomwecho, tirigu yemweyo. Bokosi la makina linali lolemera ngati muli munthu, ndipo linatenga mpando wonse wa kumbuyo, atalimanga lamba. Wothawa Apongozi tinamumvera kuchokera ku Coolgardie mpaka ku Merredin, ndipo ndivomere pang'ono pokha kuti pakhomo amagogodadi.

Tinafika ku Rockingham madzulo. Chikondi anatuluka ndi yunifolomu, anaona mwana wake akulamula bambo ake kagwiridwe ka bokosi, n'kubwerera msanga m'nyumba, ati anasiya madzi akutuluka. Makina anawamanga m'galaja. Tadala anadya nafe patebulo, mothamanga, kenaka anakakhala ndi agogo ake aakazi kukhitchini nthawi yaitali, n'kupita ku galaja.

Titalowa kogona, mbuzi ija inayambiranso kuseri kwa khoma. Ndinamva kuti akukanikiza chitsulo, ndendende chimene a Len anamuletsa. Ndinatsitsa miyendo n'kuyamba kufufuza masilipasi. Nachisale anandigwira mkono osatsegula n'komwe maso.

«Gonani, aMbewe. Mwana wandiuza zonse, ndipo wandiuza m'Chichewa. Pakamwa panupo panatsala pang'ono kumulanditsa chinthu ku Kalgoorlie. Kuno muzingomvera.»